Gulu linayamba kapena anayamba? Mafunso pa mbiri ya Coldplay

Funso, kuchokera kwa mtsikana wophunzira utolankhani ku Blantyre: Ndikukonza pulogalamu ya pawailesi yofotokoza mbiri ya Coldplay. Ndinalemba kuti, "Gulu la Coldplay anayamba ku London ndipo inakwera kufika pa chipambano mu 2000. Chris Martin ndi oimba otchuka amene amasewera piyano." Aphunzitsi angochonga mofiira paliponse osandiuza chifukwa. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Achemwali, aphunzitsi anuwo sanakulakwireni, ngakhale akanachita bwino kukufotokozerani. Tiyambe ndi chiganizo choyambacho. Mwatsegula ndi "gulu", mneni woyamba mwaupatsa a- ngati mukunena anthu, wachiwiri mwaupatsa i- ngati mukunena bandi. Mayina atatu akulimbirana chiganizo chimodzi. Dzina loti Coldplay palokha silitiuza kanthu za mgwirizano wa mawu chifukwa ndi lachilendo, choncho amene amalamula ndi mawu a Chichewa amene mwaika patsogolo pake. Mukati gulu, zonse zitsate li- ndi la: gulu la Coldplay linayamba, linatulutsa, dzina lake. Mukati bandi, zitsate i- ndi ya: bandi ya Coldplay inayamba, inatulutsa. Mukati anyamatawa kapena oimbawa, apo ndiye a- walowa.

Kusintha n'kololedwa, bola owerenga aone pamene mwasinthira. Taonani apa: "Gulu la Coldplay linabadwira pa University College London, pomwe Chris Martin ndi Jonny Buckland anakumana mu 1996. Kenaka kunabwera Guy Berryman, ndipo Will Champion ndiye anatsekera. Anyamata anayiwa akadali limodzi mpaka lero." Chiganizo chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo mneni akumvera mwiniyo. Pocheza timatha kunena kuti "Coldplay abwera ku Joni", monga ankanenera anthu mu Okutobala 2011 pamene gululi linakaimba ku Cape Town ndi ku Johannesburg, ndipo palibe amakwinya nkhope, chifukwa mawu oti gulu sanatchulidwe. Vuto limadza mukawatchula kenaka n'kuwathawa.

Tsopano "inakwera kufika pa chipambano". Timakwera phiri, mtengo, basi, ndipo mtengo wa chimanga umakwera. Chipambano nacho chimafuna wogonja: pa mpira, pa chisankho, pa mlandu. Nanga mu 2000 anyamatawa anagonjetsa yani? Chimene chinachitika chaka chimenecho n'chakuti anatchuka, ndipo Chichewa chili ndi mawu okwanira ofotokozera ulendo wonsewo popanda makwerero. Mu 1998 anajambula kachimbale kotchedwa Safety, makope 500 okha, ndi ndalama za mnzawo Phil Harvey, ndipo ambiri mwa makopewo anangogawira anzawo ndi makampani ojambula nyimbo. Apa tinganene kuti anali asanadziwike. Mu 1999 anasainirana mgwirizano ndi kampani ya Parlophone: anayamba kudziwika. Mu Juni 2000 kunatuluka nyimbo ya Yellow, imene inafika pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo mwezi wotsatira chimbale cha Parachutes chinangofikira pa nambala 1. Apa ndiye timati anatchuka, kapena mokoma kuposa apo, nyimbo ya Yellow ndiyo inawatchukitsa. Ine ndimakonda "kutchukitsa" chifukwa amakakamiza wolemba kutchula chimene chinachititsa. Pofika 2008, pamene nyimbo ya Viva la Vida inakhala pa nambala 1 ku Britain ndi ku America komwe, mutha kunena kuti mbiri yawo inawanda dziko lonse.

Mawu oti kupambana asungeni pamene panalidi mpikisano. Mu 2002 chimbale cha Parachutes chinapata mphoto ya Grammy, ndipo pamenepo panali zimbale zina zimene zinagwa. Chenjeraninso kuti kutchuka sikunena zabwino zokha. Munthu amatchuka ndi umbava. N'chifukwa chake nthawi zambiri timaonjezera "ndi": anatchuka ndi nyimbo zofatsa za piyano ndi gitala.

"Chris Martin ndi oimba otchuka" ndi cholakwa chimene chafala kwambiri pa Facebook, moti ena ayamba kuchiona ngati cholondola. Munthu mmodzi ndi woimba wotchuka. Ambiri ndi oimba otchuka. Mwina munganene kuti mumafuna kumulemekeza. Ngati ndi choncho ulemuwo uyambire pa dzina, "a Chris Martin", ndipo uyende mpaka kumapeto kwa pulogalamu. Koma oimba ndi osewera mpira, kaya akwathu kaya akunja, nyuzi ndi wailesi zimawatchula dzina lokha popanda a-, ndipo palibe amati ndi mwano. Ine ndingalembe kuti Chris Martin ndi woimba wotchuka.

Piyano saseweretsa, pokhapokha ngati ndi mwana amene akungodinadina. Kusewera ndi kwa mpira, bawo ndi fulaye. Zoimbira timaimba kapena kuliza: amaimba piyano, amaliza gitala, amaimba ng'oma. Chitsanzo chabwino chili m'gulu lomweli: Will Champion ankatha kuimba zida zina, koma ng'oma anachita kuphunzira atalowa kale m'gululi. Kaya mulemba "kuimba" kaya "kuyimba", zonse zimapezeka m'mabuku; sankhani chimodzi basi.

Funso, kuchokera kwa bambo wina wokhala ku Bulawayo: Mwana wanga wandiuza kuti mayi ake a Chris Martin kwawo ndi kuno ku Zimbabwe. Pofuna kulembera abale kumudzi ndakakamira: kodi ndi "anachokera" kapena "adachokera"? Komanso ndinene kuti gululi "limatchedwa Starfish" kalelo?

Yankho: Bambo, mwana wanuyo wanena zoona, ndipo zonse ziwiri, "anachokera" ndi "adachokera", ndi Chichewa. -da- amamveka kwambiri m'chigawo chapakati cha Malawi ndipo nyuzi zambiri zimamukonda pofotokoza zakale. -Na- ndiye wofala pakamwa pa anthu ambiri, kum'mwera ngakhale ku Zambia. Mkangano wa awiriwa ndi wakalekale ndipo sindiuthetsa lero. Chimene ndingakupempheni n'chakuti mukayamba kalata ndi mmodzi, mumalize naye.

Funso lanu lachiwiri ndilo lili ndi nyama. Polankhula, "limatchedwa" likhoza kunena za lero kapena za kale, ndipo khutu limasiyanitsa chifukwa cha kakwezedwe ka mawu. Pepala lilibe khutu. Wowerenga akaona "gululi limatchedwa Starfish" aganiza kuti ndi dzina la lero. Pa zimene zinkachitika kale koma zinaleka, lembani -nka-: pa 16 Januwale 1998, pamene linaimba koyamba pagulu pamalo otchedwa The Laurel Tree ku Camden mu mzinda wa London, gululi linkatchedwa Starfish. Dzina la Coldplay analitenga pambuyo pake kwa anzawo ena a pa University College London amene anali atalitaya. Onani "anali atalitaya": kutayako kunayamba, kutolako kunatsatira.

Pa zinthu zimene zachitika ndipo zikhoza kuchitikanso chifukwa eni ake akadalipo, musagwiritse ntchito -na- kapena -da-. Nenani kuti gululi lakhala mlendo wamkulu pa chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury ku England kasanu: mu 2002, 2005, 2011, 2016 ndi 2024. Mukati "linakhala kasanu" zimveka ngati nkhani inatha, mwina gulu linapasuka.

Funso, kuchokera kwa mayi wina wophunzitsa ku sekondale ku Dedza: Wophunzira wanga walemba kuti "Coldplay imaimba chamba cha pop rock". Ndinadzidzimuka. Kodi mawu amenewa ndi oyenera m'kalasi?

Yankho: Mtima m'malo, mayi, mwanayo sakusuta. Chamba ndi mawu akale onena mtundu wa gule kapena nyimbo, ndipo atolankhani a zamsangulutso amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: chamba cha manganje, chamba cha reggae. Zikachuluka ndi zamba, monga chimbale chimakhala zimbale. Fodya wamkulu uja wangobwereka dzina lofanana. Mpatseni malikisi ake, ndipo ngati kalasi iyamba kuseka, "mtundu wa nyimbo" ulipo.

Mawu oti pop rock asiyeni momwemo, poti tilibe athu okhazikika ndipo opeka lero palibe angawamve. Chofunika n'kuwafotokoza kamodzi pamene akuonekera koyamba: nyimbo za magitala ndi ng'oma ngati za rock, koma zofewa, zokhala ndi kolasi yoti khamu la anthu m'bwalo lamasewera litha kuimba nawo. Chimodzi chokha chimene ndingamukonze wophunzirayo: "Coldplay imaimba" ikusonyeza kuti m'mutu mwake muli mawu oti bandi. Awalembe poyera, "bandi ya Coldplay imaimba", kuti i- uja akhale ndi mwini wake.