Mtsikana wagwiriridwa, mapepala alibe, azibambo akuti tikambirane pakhomo

Amayi ena a ku Rosettenville, muno mu Joni, andilembera imelo, dzina sinditchula. Ndi tcheya wa gulu la maliro la anthu akwathu. Akuti mtsikana wa m'gulu lawo wagwiriridwa ndi mwini nyumba imene amachita lendi, pemiti ya mtsikanayo inatha kalekale ndiye akuopa kupita kupolisi kuti angakathere ku Lindela, kumene amasungako obwera opanda mapepala asanawabweze kwawo, pomwe azibambo ena akuti bamboyo angopereka chipepeso nkhani ithe. Akufunsa kuti gulu lichite chani.

Amayi, choyamba ndi nthawi. Musadikire msonkhano wa Lamlungu, mutengeni lero lomwe mupite naye ku Thuthuzela Care Centre, ine imene ndimaidziwa ndi ya ku Bara, chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Kumeneko amapereka PEP, mankhwala oteteza ku HIV omwe amamwa masiku 28 koma amathandiza pokhapokha akayamba asanadutse maola 72, amaperekanso mapilitsi oletsa mimba, adokotala amalemba fomu ya J88 yomwe imakhala umboni kukhoti, aphungu ali pomwepo, zonse malo amodzi kuti mwanayo asamabwereze nkhani yowawayi ofesi ndi ofesi. Zovala za tsikulo zikulungeni m'pepala osati m'jumbo. Olo anasamba kale, olo masiku adutsa, apitebe. Chithandizo sichidikira kuti atsegule kaye kesi, ndipo ngati ndi wamkulu za kesi asankhe yekha, gulu lisamusankhire. Koma ngati sanakwane zaka 18 lamulo limakakamiza aliyense wodziwa kuti akanene kupolisi.

Za mapepala, lamulo la 2007 la milandu yogwiririra silifunsa kuti ndiwe wa dziko liti. Sindikunamizani kuti pakauntala ya polisi pamakhala ulemu nthawi zonse, ine ndinaperekezapo mtsikana wina tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, funso loyamba linali la pasipoti osati zomwe zamuchitikira, mtima unandiwawa zedi. N'chifukwa chake asapite yekha. Funsani apolisi a FCS, ndiwo a milandu imeneyi. A bungwe la POWA akhala akuthandiza amayi ochitiridwa nkhanza muno mu Joni kuyambira 1979, a Lawyers for Human Rights amadziwa za ife obwera, ndipo 0800 428 428 ndi nambala yaulere ya boma yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Koma chipepeso chija ayi. Ndalama ija amadya ndi ena, mtsikanayo amatsala akukumana ndi bamboyo pampopi m'mawa uliwonse, ndipo akasamuka chipindacho amalowamo mwana wina wongotsika kumene basi ku Park Station yemwe sakudziwa kanthu. Azibambo amene akunena zokambiranawo ambiri si oipa mtima, akuopa apolisi kubwera payadi pomwe theka la anthu alibe mapepala, ndikuwamvetsa, koma mantha athu tonse sitingawasenzetse mwana mmodzi.

Chimandizunguza mutu ndi ichi: munthu akamwalira kuno, pa WhatsApp masiku awiri atatu tasonkha marandi okwanira kunyamula thupi mpaka ku Mangochi kapena ku Mzimba, tili ndi msungichuma, tili ndi kaundula wa mayina, timadziwa woimbira usiku. Ndiye gulu lilipo kale amayi, musayambe lina. M'kaundula yemweyo sankhani amayi awiri osayenda ndi nkhani pakamwa oti aziimbiridwa ola lililonse, patulani kandalama ka takisi ndi lendi ya mwezi umodzi, pezani makomo oti munthu angagoneko mwadzidzidzi. Kenako itanani a POWA abwere pamsonkhano wanu, muwamasulire m'Chichewa kuti anthu afunse momasuka, chifukwa mabungwewa amadziwa malamulo koma mayadi athu sawadziwa, ife timadziwa mayadi koma maofesi timawaopa. Azibambo akhale ndi tsiku lawo, a Sonke Gender Justice ntchito yawo ndi yokamba ndi amuna. Abusa ndi mashehe muwaitane ngati omvera nawo, osati oweruza. Masiku 16 aja olimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi ana a 25 Novembala mpaka 10 Disembala ndi mpata wabwino woyambira.

Nkhani ya mtsikanayu musaiponye pagulu la WhatsApp, olo popanda dzina, anthu amalumikiza. Ndipo usiku uno asagone payadi paja, ngati kwanu kuli mphasa mutengeni.