Mafunso a Owerenga: Za Njira ya Silika ndi Luso Limene Linkayendamo

FUNSO: Ndine mphunzitsi, ndipo pamene ndinkaphunzitsa za malonda a makedzana, mwana wina anandifunsa kuti wamalonda ankayenda miyezi ingati kuchokera ku China kukafika ku Rome ndi silika wake. Ndinasowa chomuyankha. Kodi Njira ya Silika inali msewu umodzi wofika mpaka kumapeto?

YANKHO: Aphunzitsi, mukamuuze mwanayo kuti amalonda amene ankayenda ulendo wonsewo anali osowa zedi. Ngakhale dzina lakuti Njira ya Silika ndi ladzulodzuloli, pakuti amene analitchukitsa ndi Ferdinand von Richthofen, katswiri wa ku Germany woona za malo, m'chaka cha 1877. Eni ake oyendamowo sankalidziwa dzinali. Iwo ankadziwa njira zambirimbiri zolumikiza mzinda wina ndi unzake. Wochokera ku Chang'an, mzinda wa ku China umene masiku ano umatchedwa Xi'an, ankafika ku Dunhuang, ndipo kumeneko njira inkagawikana, ina n'kulambalala chipululu cha Taklamakan chakumpoto, ina chakumwera, kenaka n'kukakumananso ku Kashgar asanakwere mapiri opita ku Samarkand ndi ku Persia.

Katundu ankadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Wina ankamusenzetsa ngamila za malinunda awiri n'kukamugulitsa pamsika wa mzinda wina, wogulayo n'kumupititsa patsogolo, ndipo mtengo unkakwera paliponse pamene wasintha manja. Amene anatchuka kwambiri pa ntchito yokhala pakati imeneyi anali Asogdia, anthu a ku Samarkand ndi ku Bukhara, omwe anali ndi abale awo okhazikika m'mizinda ya m'njira mpaka mkati mwa China.

Umboni wakuti wopanga ndi wovala sankaonana ndi uwu: olemba ena a ku Rome ankakhulupirira kuti silika amachita kumupesa pa masamba a mitengo. Zoona zake n'zakuti amachokera ku mbozi zodya masamba a mabulosi. Mbozi ikakhwima imadzikulunga m'chikwa, ndipo mmisiri amaviika chikwacho m'madzi otentha kuti ulimbo wake usungunuke, kenaka amafufuza nsonga ya ulusi n'kuyamba kuukoka pang'onopang'ono. Chikwa chimodzi chimatulutsa ulusi umodzi wosaduka wotalika mamita mazanamazana, koma ndi wopyapyala kwambiri moti amaphatikiza wa zikwa zingapo kuti apeze ulusi woti n'kuwombera nsalu. Nkhani yakale imati cha m'ma 552, mu ulamuliro wa Justinian, mfumu ya ufumu wa Aroma wa kum'mawa, amonke anafikitsa mazira a mbozizi mozembetsa ku Constantinople, kumene masiku ano kumatchedwa Istanbul. Musaiwalenso kumuuza mwanayo kuti ku China silika ankagwira ntchito ngati ndalama, moti asilikali olondera malire ankalipidwa ndi mipukutu ya nsalu.

FUNSO: Ndinaona chithunzi cha chiboliboli cha Buddha atavala mkanjo wopindikapindika ngati wa ziboliboli za Agiriki. Kodi zimenezi zinangochitika mwangozi, kapena amisiriwa ankaonerana?

YANKHO: Sizinachitike mwangozi, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pagona nkhani ya njirazi kuposa pa silika. Nsalu inkatha, koma luso likafika pamalo linkakhazikika n'kubala lina. Chiboliboli chimene munaonacho chiyenera kuti n'cha ku Gandhara, dera limene tsopano lili kumpoto kwa Pakistan ndi kum'mawa kwa Afghanistan. Alexander Wamkulu anafika kumeneko ndi asilikali ake cha m'ma 327 Yesu asanabadwe, ndipo maufumu a Agiriki anatsalira m'chigawocho kwa zaka zambiri. Choncho pamene amisiri a kumeneko anayamba kusema Buddha m'maonekedwe a munthu, anamupatsa tsitsi lopotanapotana ndi mkanjo wogwa m'mapewa mwa kasemedwe kamene anatengera kwa Agiriki ndi Aroma.

Chipembedzo cha Chibuda chitalowera kum'mawa, luso limeneli linatsagana nacho ndipo linkasintha m'njira. Ku Dunhuang anthu anayamba kugoba mapanga a Mogao m'thanthwe m'chaka cha 366, ndipo lero mapanga 492 akadali ndi zojambula ndi ziboliboli. Popeza mwala wa kumeneko ndi wofumbutuka, amisiri sankausema monga a ku Gandhara, koma ankamanga chimango cha mitengo ndi bango, n'kuchimata dothi, kenaka n'kuchipaka utoto. M'chaka cha 1900 munapezeka kaphanga kotsekedwa kodzaza ndi zolembedwa zakale m'zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo mwa izo munali mpukutu wosindikizidwa m'chaka cha 868, umene tsopano uli ku London. Kuti zinthu zoterezi zisungidwe kutali ndi kwawo ndi mlandu umene sunathe mpaka lero.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha mbale zoyera zokhala ndi maluwa abuluu, zimene ambiri amangoti n'za ku China basi. Dothi lake loyera ndi ng'anjo zake zinalidi za ku Jingdezhen, mzinda wa ku China, koma m'zaka za m'ma 1300 utoto wabuluuwo unkachokera ku miyala ya cobalt ya ku Persia, ndipo mbale zazikulu zambiri ankaziumba poganizira ogula a ku Middle East, amene ankakonda kudyera pamodzi m'mbale imodzi. Ntchito ya wojambula inali yovuta chifukwa dothi losawotcha limamwa utoto nthawi yomweyo, kotero kuti dzanja likaphonya, kukonza kwake n'kovuta. Komanso iye sankauona mtundu umene akujambulawo, pakuti utotowo umaoneka wotuwa moderako pamene ukupakidwa, ndipo ubuluu wake umatuluka pokhapokha mbaleyo itakutidwa ndi madzi onyezimiritsa n'kupsa m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,300.