Hatchi Ikadya Mopyola Muyeso, Vuto Limakathera ku Ziboda

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito yosamalira mahatchi anayi amene amanyamula alendo odzaona malo pa phiri la Zomba. Mwezi wathawu hatchi imodzi inatuluka m'khola usiku n'kupeza thumba la chimanga chimene tinkafuna kukagayitsa, ndipo inadya pafupifupi theka la ndowa. M'mawa mwake inkaoneka bwinobwino moti anzanga anati yangokhuta basi, koma patapita masiku awiri inayamba kukana kuyenda ndipo ziboda zakutsogolo zinali zotentha. Dokotala wa ziweto anabwera, ndipo tsopano ikuchira pang'onopang'ono. Kodi chakudya cholowa m'mimba chingapundule bwanji miyendo? Nanga tizidyetsa motani mahatchiwa kuti zimenezi zisadzachitikenso? Wosamalira mahatchi, Zomba.

YANKHO: Bambo, matenda amene anagwira hatchi yanuyo madokotala amawatcha laminitis, kutanthauza kutupa kwa timinofu ta mkati mwa chiboda, ndipo kuoneka bwino kwake m'mawa uja sikunali chizindikiro chakuti ngozi yadutsa. Umo ndi mmene matendawa amayambira nthawi zambiri.

Hatchi ndi nyama yaikulu koma chifu chake n'chaching'ono, chimalowa malita apakati pa 8 ndi 15 okha, osakwana ngakhale chigubu chimodzi cha malita 20. Thupi lake linazolowera kudya udzu pang'onopang'ono kwa maola pafupifupi 16 pa tsiku, ndipo udzuwo umakagayidwa ku matumbo aakulu, kumene kumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso togwira ntchito imeneyi. Hatchi ikadya chimanga chambiri nthawi imodzi, matumbo aang'ono amalephera kugaya sitalichi yonse (mbali yaufa ya chimanga yopatsa mphamvu), makamaka ya chimanga chosagaya imene ndi yovuta kugayika, ndipo yotsalayo imapitirira n'kukafika ku matumbo aakulu aja. Kumeneko imasasa mofulumira, asidi amachuluka, tizilombo tabwino tambiri timafa, ndipo khoma la matumbo limawonongeka moti poizoni amayamba kulowa m'magazi.

Tsono mkati mwa chiboda muli fupa limene limagwirizidwa ku khoma la chibodacho ndi timinofu topyapyala tambirimbiri tolowerana. Timinofu timeneti ndi timene timanyamula kulemera konse kwa nyama ya makilogalamu 400 kapena 500. Tikatupa ndi kufooka chifukwa cha zimene zachitika m'mimba, fupa lija limatha kupendekeka kapena kutsika, ndipo matendawa akakula kwambiri limaboola pansi pa chiboda. Zonsezi zimatenga nthawi, n'chifukwa chake kutsimphina kumaonekera patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Hatchi yodwala imaima itatambasulira miyendo yakutsogolo kutsogolo n'kukankhira thupi kumbuyo, ziboda zimatentha, ndipo mukagwira kumbuyo kwa mfundo imene ili pamwamba pa chiboda mumamva mtsempha ukugunda mwamphamvu.

Komabe munali ndi mwayi, chifukwa pali ngozi ina imene imapha msanga kuposa imeneyi. Hatchi siitha kusanza, popeza minofu ya pakhomo la chifu chake imatseka mwamphamvu, choncho mpweya ndi madzi zikadzaza m'mimba zimasowa kotulukira ndipo chifu chikhoza kuphulika. Mukaona hatchi ikupalasa pansi, ikucheukira m'mimba mwake, ikugona ndi kudzuka kawirikawiri, ikudzigubuduza, ikutuluka thukuta kapena yasiya kuchita ndowe, dziwani kuti m'mimba mukupweteka kwambiri. Mtima wa hatchi yopumula umagunda maulendo apakati pa 28 ndi 44 pa mphindi, ndipo ukapyola 60 ndiye kuti zinthu zafika poipa.

Zikadzachitikanso, itanani dokotala wa ziweto nthawi yomweyo mwapeza thumba long'ambikalo, ngakhale hatchi ikuoneka yamphamvu, ndipo mumuuze chimene yadya ndi kuchuluka kwake. Iye angathe kulowetsa paipi m'mphuno mpaka m'chifu kuti atulutse mpweya ndi chakudya chisanapitirire. Inuyo chotsani chakudya chonse, musaikwere kapena kuiyendetsa mtunda, ndipo muiimike pa utuchi wambiri kapena pa mchenga. Kuviika miyendo m'madzi oikamo madzi oundana, mosalekeza kwa masiku awiri kapena atatu, kumateteza ziboda makamaka mukayamba hatchi isanayambe kutsimphina. Chizolowezi choimwetsa mafuta ophikira ndi botolo mokakamiza chisiyeni, chifukwa mafutawo akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa.

Pa nkhani ya kadyetsedwe, maziko a chakudya cha hatchi ndi udzu, zina zonse n'zongowonjezera. Hatchi ya makilogalamu 450 imafuna udzu wouma wolemera makilogalamu apakati pa 7 ndi 9 pa tsiku, wogawidwa kangapo kuti isakhale maola ambiri m'mimba muli zii. Mahatchi ambiri ogwira ntchito yopepuka, monga kuyenda ndi alendo kwa ola limodzi kapena awiri, amakhala athanzi ndi udzu wabwino, mchere wonyambita ndi madzi oyera okwana malita 25 mpaka 50 pa tsiku, popanda chimanga n'komwe. Ngati pakufunikadi chakudya chowonjezera mphamvu, musapyole makilogalamu 2 pa nthawi imodzi, ndipo muziyeza ndi sikelo, chifukwa mbale ya chimanga ndi mbale ya madeya sizilemera mofanana. Mukafuna kusintha chakudya, sakanizani chatsopano ndi chakale pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10.

Madeya ndiwo amene alimi ambiri kuno amadalira chifukwa amapezeka mosavuta ku chigayo, koma pa michere yomanga mafupa ali ndi phosphorus wambiri ndi calcium wochepa, moti hatchi yodya madeya ochuluka kwa miyezi yambiri mafupa ake amafooka ndipo nthawi zina a kumaso amatupa. Choopsa kwambiri ndi chimanga chovunda. Nthawi yokolola timasankha chimanga chabwino n'kuponyera ziweto chachuku, koma chuku cha mtundu wa Fusarium chimatulutsa poizoni wotchedwa fumonisin amene amawononga ubongo wa hatchi, ndipo yodwala nayo kawirikawiri siichira. Chakudya cha nkhuku chogula m'sitolo chizikhalanso kutali, pakuti china chimakhala ndi mankhwala monga monensin amene amawononga mtima wa hatchi ngakhale itadya pang'ono.

Musaganize kuti kudya mopyola muyeso kumachitika ndi thumba lokha. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, msipu wanthete umakhala ndi shuga wambiri, ndipo hatchi imene yakhala ikudya udzu wouma chilimwe chonse ikangotayiridwa pa msipu tsiku lonse ikhoza kudwala matenda a laminitis omwe aja. Muziyamba mwaipatsa udzu wouma m'khola, kenako idye msipu kwa ola limodzi, n'kumawonjezera nthawi tsiku ndi tsiku. Udzu wotchetcha ndi makina pa kapinga n'kuunjika pamodzi umatentha ndi kusasa, choncho si wodyetsa hatchi.

Mahatchi onenepa ndiwo amagwidwa msanga ndi laminitis. Nthiti zisamaoneke ndi maso, koma zizimveka mosavuta mukapitsa zala, ndipo khosi likakhala ndi mafuta olimba pamwamba pake ndiye kuti nyamayo yanenepa mopitirira. Poichepetsa thupi musaimane chakudya mwadzidzidzi, chifukwa mafuta amatha kuchuluka m'magazi n'kuwononga chiwindi, vuto limene limapha kwambiri abulu ndi mahatchi a mtundu waung'ono.

Hatchi yanu yodwalayo ikhale pa udzu wouma wokha mpaka dokotala atalola zina, ndipo chakudya chonse muzisunga m'migolo yachitsulo yotseka, m'chipinda chokhoma ndi loko, chifukwa mahatchi ena amaphunzira kutsegula zitseko ndi milomo. Ziboda zake zizisengedwa ndi munthu wodziwa ntchitoyi pa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi alionse. Chiboda chimakula mamilimita osapyola 10 pa mwezi, moti kuti chatsopano chimere kuchokera pamwamba mpaka pansi pamapita pafupifupi chaka, choncho musafulumire kuikweza alendo pa njira za miyala za m'phirimo ngakhale itasiya kutsimphina.