Yankho kwa amene afunsa za mtengo wa mabuku a Dungeons & Dragons

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene mabuku a malamulo a Dungeons & Dragons (D&D), masewera a patebulo omwe aliyense amakhala munthu wa m'nkhani ndipo mmodzi amayendetsa nkhaniyo, amadulira chonchi, komanso ngati n'zoona kuti munthu ayenera kugula mabuku ake akuluakulu onse atatu asanayambe kusewera ndi anzake. Lachiwirili ndi losavuta: musagule atatu, ndipo poyamba musagule ngakhale limodzi. Loyambalo ndiye likufuna tikhale pansi.

Kwawo ku America mabukuwa sanakwere mtengo ayi. Atatu aja, Player's Handbook, Dungeon Master's Guide ndi Monster Manual, atatuluka mu 2014 lililonse linali $49.95. Atawakonzanso n'kuyamba kuwatulutsa mu 2024, lililonse analiika pa $49.99, chonsecho Player's Handbook yatsopanoyo ili ndi masamba 384 pomwe yakale inali ndi 320. Ngakhale kabokosi koyambirira kamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, ka timabuku titatu topyapyala, kanali $10, ndalama yoti masiku ano ikhoza kuposa $60. Chomwe chasintha ndi thumba lathu. Mu 2014 dola imodzi inali isanafike K500, kutanthauza kuti bukulo linali la ndalama zosakwana K25,000. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola ya kubanki inafika cha m'ma K1,700, ndiye buku lomwelo lija laposa K80,000 lisananyamuke n'komwe m'sitolo. Ndipo tonse tikudziwa kuti dola ya kubankiyo kuipeza kwake ndi nkhani ina. Muikepo zotumizira, poti buku lachikuto cholimba ngati limeneli limalemera kuposa kilogalamu, muona kuti onse atatu adya malipiro a mwezi a anthu ambiri.

Nanga madola 50 amapita kuti? Gawo lina ndi zithunzi. Mukatsegula Monster Manual pafupifupi tsamba lililonse pali chinjoka, chiwanda kapena chilombo china chojambulidwa ndi munthu amene analipidwa. Pali olemba, okonza zolembedwazo, ndi oyesa malamulo kuti aone ngati mfiti ya m'masewera siikuposa wankhondo mopitirira muyeso. Pali pepala lonyezimira, inki yamitundu ndi chikuto. Kenako pali anthu apakati: kampani imagulitsa kwa ogulitsa m'chipiku, iwo n'kugulitsa kwa eni masitolo, moti nthawi zambiri wosindikiza amalandira ndalama zosakwana theka la mtengo wolembedwa pachikuto. Wizards of the Coast, kampani yosindikiza D&D yomwe ndi ya kampani ya zidole ya Hasbro chiyambire 1999, imasindikiza mabuku ambirimbiri nthawi imodzi, ndiye buku lililonse limaitsikira mtengo. Timakampani ting'onoting'ono tilibe mwayi umenewo, n'chifukwa chake mupeza kabuku ka masewera osatchuka kakudula mofanana ndi la D&D.

Ine mtengo wa mabuku atatu akuluakuluwo sindilimbana nawo kwenikweni, chifukwa buku limodzi limatumikira gulu lonse kwa zaka, ngati mmene bawo limodzi limakwanira onse okhala pansi pa mtengo. Pomwe ndimaona kuti akutikama ndi pa mabuku owonjezera. Mu 2023 anakweza atsopano kufika pa $59.95, ndipo ambiri mwa amenewa mumawerenga kamodzi, kutolamo zinthu ziwiri zitatu, basi lakhala pa shelefu. Munthu ukangolowa m'chizolowezi chogula lililonse lotuluka, ndalama ya mabuku imaposa nthawi yosewera.

Tsopano poyambira. Malamulo oyambira a D&D ndi aulere, ndipo si akuba ayi, eni ake ndiwo anawapereka. Ali pa D&D Beyond, tsamba lawo la pa intaneti, ndipo palinso chikalata chotchedwa System Reference Document chomwe anachimasula kwa aliyense mu January 2023, osewera atakwiya kwambiri ndi maganizo a kampaniyo ofuna kusintha chilolezo chakale chololeza ena kugwiritsa ntchito malamulowo. M'menemo muli kapangidwe ka munthu wanu wa m'masewera, malamulo a nkhondo, matsenga ndi zilombo zokwanira kusewera miyezi. Tsitsani, kasindikizeni masamba ofunika okha pa malo a fotokope, osati onse. Madayisi asanu ndi awiri osewerera D&D ngati simunawapeze, pa foni pali mapulogalamu aulere oponyera madayisi.

Chenjezo limodzi pa D&D Beyond: buku mukagula kumeneko, pa $29.99, sakupatsani PDF. Mumaliwerengera patsamba lawo kapena mu pulogalamu yawo ya pa foni. Kwa ife amene bandulo imatha pakati pa nkhondo ndipo magetsi sapangana nafe, zimenezi muziganizire musanalipire.

Komanso musamangirire mtima pa D&D yokha. Pathfinder ya kampani ya Paizo malamulo ake onse ali pa tsamba la pa intaneti la Archives of Nethys mwaulere, movomerezedwa ndi eni ake, ndipo mabuku ake ambiri amatulukanso ang'onoang'ono achikuto chofewa, otsikirapo mtengo ndi opepuka kunyamula. Basic Fantasy ndi yaulere yonse, ndipo kwa gulu loyamba kumene ine ndimaikonda kuposa D&D yamakono chifukwa wosewera amapanga munthu wake wa m'masewera m'mphindi zochepa. Cairn ndi Ironsworn nazonso n'zaulere, ndipo Ironsworn mutha kusewera awiri ngakhale nokha, popanda woyendetsa nkhani. Okonda nkhani zoopsa, Chaosium imapereka kabuku koyambira ka Call of Cthulhu kwaulere. Nthawi zina masamba a pa intaneti a Humble Bundle ndi Bundle of Holding amagulitsa mulu wa ma PDF pa mtengo wosafika wa buku limodzi, bola mukhale ndi khadi yolipirira kunja.

Wina m'gulu muno akuuzani kuti mungotsitsa akuba. Ine sindili wapolisi, koma kumbukirani kuti timasewera tambiri timalembedwa ndi munthu mmodzi kunyumba kwake, ndipo zaulere zovomerezeka zilipo zoti simungazimalize.

Ndiye chitani chonchi. Sonkhanitsani anzanu anayi kapena asanu, museweretu ndi zaulerezo miyezi iwiri itatu. Magulu ambiri safa chifukwa chosowa buku, amafa chifukwa uyu ali kumaliro, uyo ali kutchalitchi, winayo wapita kukaonera mpira. Gulu likakhazikika, sonkheranani mugule Player's Handbook imodzi, ndipo mugwirizane pasadakhale kuti izikhala kwa ndani, poti katundu wa gulu amadanitsa. Monster Manual ibwere pambuyo woyendetsa nkhani akaona kuti zilombo zaulere zamuchepera. Dungeon Master's Guide ndiye ikhoza kudikira ndithu.

Pogula, musathamangire kuitanitsa ku America. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli masitolo a masewera oterewa, ndipo wachibale wobwera pa basi atha kukunyamulirani. Mumuuze bwino lomwe kuti mukufuna la 2024 kapena la 2014, chifukwa dzina ndi limodzi koma malamulo amasiyana m'malo angapo. La 2014 logwiritsidwa kale ntchito limapezeka motchipa tsopano poti ambiri akusamukira ku latsopano, ndipo limasewereka bwinobwino.