Tifunseni: Nyuzipepala ndi wailesi m'kalasi ya kusekondale

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa aphunzitsi a m'masekondale, ndipo imodzi yachokera kwa kholo. Onse akufunsa za momwe nkhani za m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa foni zingalowere m'maphunziro a ana. Tasankhapo asanu.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Masamu Fomu 3 ndi 4. Anzanga amandiuza kuti ndizibweretsa nkhani za m'nyuzi m'kalasi, koma silabasi ndi yaitali ndipo MSCE sidikira munthu. Nthawi yake ndiipeza kuti? (Mphunzitsi, Balaka)

YANKHO: Aphunzitsi, nthawi imasowa mukayamba ndi nyuzipepala n'kumafunafuna poiika. Yambani ndi mutu wa mu silabasi womwe muli nawo sabata imeneyo, kenako funani nkhani yoti ilowe m'malo mwa chitsanzo cha m'buku. Mukatero simunaonjezere phunziro lina ayi, mwangosintha chitsanzo.

Titenge mutu wa maperesenti. Mu Novembala 2023 Reserve Bank ya Malawi idalengeza kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi ya ku America idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Lembani manambala atatuwo pa bolodi, muwafunse ana kuti 44 yachokera pati. Apeza kuti kusiyana kwake ndi K520, ndipo akagawa 520 ndi 1,180 atulukira 44 peresenti. Musalekere pomwepo. Afunseni kuti munthu wa K100,000 akadagula madola angati chilengezocho chisanachitike, ndipo angati chitachitika. Poyamba ndi pafupifupi 85, pambuyo pake pafupifupi 59. Wataya madola 26 pa 85, yomwe ndi pafupifupi 31 peresenti. Apa kalasi imayamba kukangana yokha: nanga 44 ija yapita kuti? Mkangano umenewo ndi umene mukufuna, chifukwa ndi pomwe mwana amamvetsa kuti peresenti imadalira nambala yomwe wayambira. Dola idakwera ndi 44, kwacha idataya 31, ndipo zonse ziwiri n'zoona. Ana ambiri amagwa pamayeso chifukwa chogawa ndi nambala yolakwika, ndipo chitsanzo ichi sachiiwala msanga chifukwa mtengo wa shuga ndi feteleza adauona ukukwera ndi maso awo.

Pa piriyodi ya mphindi 40, gawani chonchi: mphindi 5 kuwerenga ndime ziwiri zokha, 5 kutolamo manambala, 20 ana kugwira ntchito m'makope, 10 kukonza pa bolodi. Chimene chimaononga phunziro lotere ndi kuyamba ndi funso loti "mukuganiza bwanji?" Aliyense ali ndi maganizo pa za kukwera kwa zinthu, ndipo belu lidzalira musanalembe ngakhale samu imodzi. Lembani funso lanu pa bolodi musanatulutse nyuzipepala. Kamodzi pa sabata ziwiri n'kokwanira.

FUNSO: Sukulu yathu ndi CDSS ya kumudzi. M'kalasi ndili ndi ana oposa 80, magetsi kulibe, ndipo nyuzipepala imafika imodzi, nthawi zina itagonera sabata. Zingatheke? (Mphunzitsi wa Chichewa ndi Chingerezi, Dowa)

YANKHO: Zingatheke, ndipo kugonera kwa nyuzipepala kusakudetseni nkhawa. Pophunzitsa kumvetsa nkhani kapena kufupikitsa, nyuzi ya mwezi watha imagwira ntchito chimodzimodzi ndi ya lero.

Musamayendetse nyuzipepala yathunthu m'kalasi. Ikafika pa benchi yachitatu imakhala itatsegulidwa pa tsamba la mpira, ndipo akumbuyo saiona n'komwe. Dulani nkhani ndi sizasi, imodziimodzi, muimate pa chidutswa cha katoni kuti isang'ambike. Ngati guluu palibe, phala lopyapyala la ufa wa chinangwa limamata bwino. Kumbuyo kwa katoni lembani dzina la nyuzipepala, tsiku ndi tsamba. Ambiri amaiwala zimenezi, ndiye pakatha chaka amakhala ndi nkhani yosadziwika kuti idatuluka liti, mwana n'kumayesa kuti mtengo wa chimanga wa zaka zitatu zapitazo ndi wa lero. Nyuzi imodzi ya Loweruka imatulutsa nkhani khumi kapena kuposerapo zoyenera m'kalasi. Zisungeni m'maenvulopu akuluakulu malinga ndi mitu: zaulimi, zaumoyo, zachilengedwe, zamalamulo. Pakutha pa teremu imodzi mudzakhala ndi nkhokwe yoti a Geography ndi a Life Skills azikubwerekani.

Ana 80 agaweni m'magulu khumi a anthu asanu ndi atatu, gulu lililonse katoni yake. Aliyense akhale ndi ntchito: wowerenga mokweza, wolemba, wotola mawu achilendo, wodzafotokoza kutsogolo. Mukapanda kugawa ntchito, awiri ochenjera amalemba zonse, enawo n'kumangoonerera. Wodzafotokozayo muzimusankha inuyo pamapeto kuti onse akhale tcheru.

Popeza mumaphunzitsa ziyankhulo zonse ziwiri, muli ndi mwayi. Weekend Nation imakhala ndi masamba a Chichewa a Tamvani, Malawi News ili ndi Tikambe, ndipo palinso nyuzipepala ya Fuko. Mukapeza nkhani imodzi yolembedwa m'Chingerezi komanso m'Chichewa, apatseni ana ya Chingerezi aimasulire, kenako afananize ndi momwe mtolankhani adalembera. Nthawi zina kumasulira kwa ana kumaposa kwa m'nyuzi, ndipo muwauze zimenezo. Pa chifupikitso, pindani mutu ndi ndime yoyamba, awerenge zotsalazo, alembe okha ndime yoyambayo m'mawu osaposa 35 oyankha kuti ndani, wachita chiyani, kuti, liti, ndipo chifukwa chiyani. Akatha, pindulani aone. Dziwaninso kuti nyuzipepala si buku la malamulo a chiyankhulo. Zolakwika za kalembedwe zimapezekamo, ndiye werengani inuyo kaye, zolakwikazo muzisandutse ntchito yoti ana akonze.

Wailesi nayo ndi yothandiza. Jambulani nkhani za pa MBC kapena Zodiak pa foni yanu, mudulepo mphindi ziwiri, muziike kawiri m'kalasi: koyamba kungomvera, kachiwiri kulemba mfundo. Foni payokha simveka kwa ana 80, pamafunika kasipika kotchaja. Tikukuletsani chinthu chimodzi: kupereka homuweki yoti akamvere nkhani zamadzulo kunyumba. Makomo ena wailesi kulibe, ndipo nthawi imeneyo atsikana ambiri amakhala ali kukhitchini kapena kumjigo. Mudzakhala mukupereka malikisi ku banja la mwana, osati ku nzeru zake.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Social Studies. Ndimaopa nkhani za ndale chifukwa makolo angandinene kuti ndikukopera ana ku chipani. Ndizisiye? (Mphunzitsi, Mzuzu)

YANKHO: Musazisiye, chifukwa boma, zisankho ndi ufulu wa anthu zili mu silabasi yanu, ndipo ena mwa ana a Fomu 4 ndi a msinkhu woponya voti. Chofunika n'kuphunzitsa kayendetsedwe ka zinthu m'malo moweruza anthu. Chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pomwe oweruza asanu adathetsa chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, ndi chitsanzo chabwino cha nthambi zitatu za boma. Khothi lidagamula kuti chisankho chichitikenso komanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, khothi la Supreme lidagwirizana nazo, Nyumba ya Malamulo idakambirana za tsiku ndi malamulo ake, ndipo anthu adavotanso pa 23 Juni 2020. Funso la ana likhale loti "nthambi iti idachita chiyani, ndipo mphamvuzo idazitenga kuti?" Funso loti "adabera ndani?" lisiyeni panja.

Pa nkhani yotentha bweretsani magwero awiri, mwachitsanzo The Nation ndi The Daily Times za tsiku limodzi. Ana adule mzere umodzi kunsi kwa zomwe zidachitikadi, mizere iwiri kunsi kwa maganizo a munthu, ndipo awerenge kuti mbali iliyonse yapatsidwa ndime zingati. Pa mtsutso, mbali azitola pa timapepala, asasankhe okha, kuti mwana asadziwike kuti kwawo amasapota kuti. Inuyo chipani chanu chikhale mumtima, ngakhale akufunseni monyengerera. Auzeni ahedi tsiku lisanafike ndipo phunzirolo lilembedwe mu sikimu, pepala la ndondomeko ya maphunziro a teremu. Kholo likabwera kudzadandaula, pepala limenelo ndilo lidzakuyankhireni.

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 2 amakhulupirira chilichonse cha pa WhatsApp, makamaka mavoisi. Ine sindine mphunzitsi. Ndimuthandize bwanji? (Mayi, Ndirande)

YANKHO: Mayi, kumulanda foni sikumuphunzitsa kusiyanitsa nkhani ndi mphekesera. Akabwera ndi voisi, khalani naye pansi mumvere limodzi, mumufunse mafunso anayi. Akuyankhulayu ndani, watchula dzina ndi ntchito yake? Watchula tsiku ndi malo enieni, kapena akungoti "dzulo kwinakwake"? Kodi wailesi kapena nyuzipepala ina yodziwika yanenapo? Nanga akufuna kuti womvera achite chiyani? Voisi yothera ndi mawu oti "tumizani kwa ena msanga" ndi yofunika kuikayikira kwambiri, chifukwa imadalira mantha kuti iyende. Chithunzi angathe kuchifufuza ndi Google Lens, pulogalamu ya pa foni yofufuzira zithunzi pa intaneti, ndipo nthawi zambiri chimapezeka kuti n'chakale kapena cha dziko lina. Ngati bandulo palibe, dikirani nkhani zamadzulo pa wailesi. Mugwirizane m'nyumba kuti uthenga wodzidzimutsa uzigona kaye usiku umodzi usanatumizidwe. Mumuuzenso kuti dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 loona za pa intaneti, ndipo zomwe munthu watumiza zingamufikitse kupolisi ngakhale sadazipeke yekha.

FUNSO: Ndikufuna kugwiritsa ntchito nkhani za namondwe wa Freddy pa Geography, koma m'kalasi muli ana omwe adataya abale awo. Ndichite bwanji? (Mphunzitsi, Phalombe)

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa musanayambe. Freddy ndi chitsanzo chachikulu cha mutu wa namondwe: adayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, adaoloka nyanja yonse ya India, adagunda Madagascar, adalowa mu Mozambique kawiri, n'kudzagwetsa mvula yoopsa kumwera kwa Malawi mu Malichi. Adakhala masiku 36, nthawi yomwe namondwe wina aliyense wolembedwa m'kaundula sadafikepo. Koma kwa mwana wa ku Phalombe, Mulanje kapena Chilobwe, iyi si nkhani ya m'nyuzi, ndi maliro a kwawo.

Lengezani dzulo lake kuti mawa tikambirana za namondwe, ndipo amene akuona kuti sangathe akuuzeni pambali, mumupatse ntchito ina popanda kumufunsa zambiri. Musaonetse zithunzi za mitembo kapena za anthu akufukula m'matope, ndipo musaloze mwana kuti afotokoze zomwe zidachitika kwawo. Akafuna yekha kuyankhula, mumvetsereni, osamudula ndiponso osamukumba. Gwiritsani ntchito mapu: ajambule njira yomwe namondweyo adadutsa, afotokoze chifukwa chake amapeza mphamvu pa madzi ofunda a m'nyanja n'kufooka akafika pamtunda, komanso chifukwa chake nthaka ya pa phiri lotsetsereka ikakhuta madzi imagumuka, makamaka pomwe mitengo idatha. Mphindi khumi zomaliza apatseni chenjezo lenileni lochokera ku nthambi yoona za nyengo, aliwerenge, alilembenso m'Chichewa chosavuta choti agogo akumudzi amve, atchulemo malo okwera omwe anthu a m'dera lawo angathawireko komanso njira yosadutsa pa mtsinje.