Kodi makhoti analetsa kupemphera pa misonkhano ya khonsolo?

Achimwene, mwafunsa ngati ku America makhoti analetsa kutsegula misonkhano ya khonsolo ndi pemphero. Ayi, sanaletse. Mlandu wodziwika ndi wa tauni ya Greece, ku New York. Kuyambira mu 1999 khonsolo ya kumeneko inkaitana atsogoleri a mipingo kudzapemphera, ndipo pafupifupi onse anali Akhristu. Amayi awiri, wina Myuda, wina wosakhulupirira Mulungu, anakamang'ala kukhoti. Mu 2014 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera khonsolo, majaji 5 kuposa 4, ati mwambowu ndi wakalekale, bola pasakhale kukakamiza munthu kapena kusala zipembedzo zina.

Ku Canada zinapita kwina: mu 2015 khoti lalikulu linaletsa pemphero la khonsolo ya Saguenay, ku Quebec, ponena kuti boma lisamakondere chipembedzo.

Ine mtima wanga uli ndi majaji anayi aja. Kukhonsolo munthu wamba amapita kukapempha chilolezo cha malo kapena cha bizinesi, maso ndi maso ndi makhansala amene agamule nkhani yake. Tsono akamva kuti "tiyeni tiimirire tipemphere", angakhale pansi bwanji osaopa kuti pempho lake likanidwa?