Musanagwetse kutsogolo kwa MGB yanu

Achimwene, mwati galimoto yanu ya MGB ya 1971 ikugogoda kutsogolo mukagwera m'dzenje, chiwongolero chikuyendayenda, ndiye mukufuna kumasula zonse tsiku limodzi n'kuika mabushi (timphete tokhala m'malo olumikizira mikono) a polyurethane, pulasitiki yolimba, ponseponse m'malo mwa a labala. Kumanganso ndikugwirizana nako. Koma ndalamazo bakhalani nazo kaye, muyambe mwadziwa chimene chikulira.

Ikwezeni muikhazike pa mastandi, osati pa jeke yokha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni, mnzanu aponde buleki. Kugwederako kukasiya akaponda, ndi mabering'i a habu. Kukapitirira, yang'anani kingpin, pini yoimirira imene wilo limakhoterapo, ndi mabushi ake. Mukagwedeza chamumbali mukumva za chiwongolero, ma tie rod end (mfundo za kumapeto kwa ndodo zokhotetsa mawilo) ndi raki imene imakankha ndodozo. Ndiye musanaganize zazikulu, yesani ndi sipana mabawuti anayi omangira shoko pa crossmember, chitsulo chopingasa kunsi kwa injini. Shoko ya MGB si ya chubu ayi, ndi ya Armstrong yokhala ndi mkono, ndipo mkono womwewo ndiwo umagwira kingpin kumwamba. Mabawutiwo akakhwefuka, phokoso lake mungayese galimoto yatha. Shokoyo ikakhala kuti ikudontha mafuta pa shafti, kapena mkono ukugwedera, kuthiramo mafuta ena n'kudzinamiza. Sinthani zonse ziwiri ndi zokonzedwa kale.

Chimene chingakupwetekeni pantchito yonseyi ndi sipuling'i. Ambiri amaichotsa poika jeke pansi pa mbale imene imakhalapo, kumasula mabawuti, n'kumatsitsa pang'onopang'ono. Njirayi imatheka chifukwa injini ikulemera pamwamba. Ngati injini munaitulutsa, jeke idzangonyamula galimoto yonse, sipuling'i ili yopanikizika momwemo. Pamenepo pakufunika chopanikizira sipuling'i chenicheni. Ine ndimapisamo tcheni n'kumangirira kumkono wapansi, ndipo nkhope sindiika pafupi mpaka itamasuka yonse. Poitanitsa zatsopano tchulani chaka, chifukwa MGB za mabampa a labala, zoyambira kumapeto kwa 1974, zinakwezedwa, ndipo zina za kutsogolo kwake n'zosiyana ndi zanu.

Gwirani mbali imodzi, muimalize, kenako inayo. Mbali yosakhudzayo ndiyo idzakuuzani kumene washala wina amayang'ana mukadzaiwala, ndipo mudzaiwala. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Ngati mawilo anu ndi a masipoko, mahabu ake ali ndi mbali zawo: mazinga a chomangira wilo kumanja ndi kumanzere amazungulira mosiyana. Mukawasinthanitsa, wilo limadzimasula lokha mukuyenda.

Pa kingpin ndi pomwe ndimati munthu adziwe malire ake. Mabushi ake ndi a mkuwa, amalowa mochita kukanikiza, ndipo akalowa pini silowa mpaka mutawapala ndi reamer yake, chida chopalira mabowo chimene chimadutsa bushi yapamwamba ndi yapansi pamzere umodzi. Ena amapala ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo. Pini imalowadi, koma mabowo awiriwo sakhala pamzere, chiwongolero chimalimba pena n'kupepuka pena, ndipo posachedwa kugwedera kumabwerera. Kugula reamer chifukwa cha galimoto imodzi sindikuonapo phindu. Tengani stub axle (chitsulo chonyamula habu, momwe mumakhala mabushiwo) zomangidwa kale mosinthanitsa ndi zanu zakale, kapena mupereke zanuzo kwa munthu wa makina amene ali ndi chida chake. Kumunsi kwa kingpin kuli bawuti wodutsa m'kachubu kachitsulo. Ameneyu amagwirana ndi dzimbiri koopsa. Yambani kumuthira mafuta osungunula dzimbiri patatsala masiku angapo, ndipo akakana mudule, musamenye mpaka kupinda mikono. Yang'ananinso mabowo a m'mikono yapansiyo: akatambasuka kukhala ngati dzira, bushi yatsopano singathandize.

Za polyurethane ndiye ndikutsutseni pang'ono. Imakhalitsa, mafuta saiononga, koma imaumitsa kayendedwe, ndipo girizi wake akauma imalira ngati chitseko chakale. Pa galimoto yoyendera mumsewu wamba, kumkono wapansi chakumkati ine ndimaika mabushi a labala okhala ndi chubu chachitsulo, amene ankaikidwa pa MGB GT V8. Amalimba kuposa a MGB wamba a zidutswa ziwiri, koma galimoto imayendabe mofewa. Labala wogonera m'sitolo zaka makumi angapo, ngakhale ali m'paketi yake yakale, musamukhulupirire. Labala amakalamba ali chikhalire.

Tsono imvani apa, poti ine ndinalakwitsapo. Mabawuti odutsa m'mabushi a labala musawamange kotheratu galimoto ili m'mwamba. Angogwira chabe, tsitsani galimoto ikhale pa matayala ake, ikankheni patsogolo ndi pambuyo, idinikizeni kangapo, kenako mangani mpaka mulingo wa m'buku. Mukamanga mikono ikulendewera, labala amapotoka galimoto ikangotera pansi ndipo amakhala chipotokere. Yanga yoyamba ndinamanga ili pa mastandi, ndikunyadira ntchito yoyera. Inaima motukuka kutsogolo, ndipo chaka chisanathe mabushi anali atang'ambika, ndinabwereza ntchito yonse.

Zing'onozing'ono: mabawuti ake ndi a mainchi, choncho sipana ya 13 pa nati ya theka la inchi idzangokudyerani makona. Mapini otsekera manati ikani atsopano. Kalipa ya buleki musailendewetse pa paipi yake, ipachikeni ndi waya, ndipo paipiyo ikakhala ndi ming'alu isintheni pomwepo. Mabering'i a habu ya MGB samangidwa pomva ndi dzanja. Amayezedwa ndi timawashala topyapyala kuti patsale mpata wa 0.002 mpaka 0.004 inchi. Timene mwatulutsa tisungeni, mudzayambira pomwepo.

Mukamaliza pitani nayo akayeze mawilo musanayende ulendo wautali. Mawilo akutsogolo amayenera kuloza mkati pang'ono, 1/16 mpaka 3/32 inchi. Kenako girizi m'manipo onse a kingpin, timilomo topoperamo girizi, pakatha mamailosi 3,000 alionse, mutanyamula kutsogolo kuti alowe bwino, mpaka wakale wakuda uja atuluke. Ngati pali nipo yokana girizi, ichotseni muikepo ina tsiku lomwelo.